Mopu Imene Inagwira Denga la Kalavani

Achimwene anga atagula kalavani ndinawaseka mpaka misozi. Kalavani ndi kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto, kamene anthu a kuno amapita nako kukagona kutchire mwadala, kusiya nyumba zabwinobwino. Ndinawafunsa ngati tinathawa nyumba zodontha ku Dowa kuti tidzagule ina yodontha ku Glasgow. Iwo anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, pakamwa pakopa padzakupweteketsa."

Ankaisunga pa yadi ina yosungirako makalavani ku Maryhill, dera lina la mzinda womwewu, m'mbali mwa ngalande ya madzi akuda osaoneka kuyenda. Mwini yadiyo anali mayi wachikulire wa komwe kuno, wamfupi, wosuta fodya, woyenda ndi makiyi ambirimbiri m'khosi. Loweruka lililonse achimwene ankakhala kumeneko, kupukuta, kupenta, kumangitsa tizitsulo. Kutchire komweko anapitako kawiri kokha ndi akazi awo, alamu anga, ndipo ulendo wachiwiri anabwerako akunena kuti denga layamba kudontha.

Mwezi wa Okutobala anandiimbira foni.

"Ubwere Loweruka udzandigwirire thabwa la siling'i. Lafufuma, ndikufuna kulitsitsa. Mutu umodzi susenza denga, iwe."

Ine ndimakhala ku Easterhouse, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuti ndikafike ku Maryhill ndi mabasi awiri. Loweruka loyamba ndinalidi pa shifiti. Lachiwiri lake ndinali wotopa, ndipo ndinawauza choncho. Loweruka lachitatu ndinalibe chifukwa chilichonse. Kunja kunali kamvula kaja ka kuno kosadziwika poyambira, m'nyumba munali motentha, pa TV panali mpira. Ndinanama kuti andiitana kuntchito.

"Basi usavutike," iwo anatero akuseka. "Ndapeza kale wondithandiza."

Ndinaganiza kuti ndi mmodzi wa azibambo a kutchalitchi. Mtima unakhala pansi, komanso ndinamva kansanje, poti ndine munthu wotero: sindifuna kupita, koma sindifunanso kuti ena apite m'malo mwanga.

Pakati pa Novembala achimwene anagwa pamalo okwerera basi akupita kuntchito. Unali mtima. Sanadzukenso.

Tikukonzekera zotengera maliro kumudzi, amalume anaimba kuchokera ku Dowa n'kulamula zomwe tonse tinkazidziwa kale: katundu wa malemu asakhudzidwe, asasunthidwe, mpaka tsiku losudzula, pamene akuluakulu amamasula wamasiye n'kugawa zosiyidwa. M'nyumba zinali zosavuta, alamu anangotseka kabati ya zovala. Koma kalavani inali panja, ndipo inkadontha.

Ndiye tinachita zomwe mwana aliyense wa kwathu akanachita. Denga likamadontha umaphimba ndi pepala la pulasitiki. Ine ndi alamu tinagula mapepala akuda aakulu, tinapita ku yadi, tinaikuta kalavani yonse kuyambira pamwamba mpaka kumatayala. Kiyi anali m'chikwama cha alamu koma sitinatsegule chitseko, pakuti kulowamo kukanakhala kukhudza. Makatani anali otseka. Timabowo tonse tolowera mpweya ndinatimata ndi tepi ndi manja angawa, ndipo ndinamanga zingwe mozungulira mpaka ndinakhutira kuti ngakhale nyerere singalowe.

Mayi wa pa yadi anaima n'kumationerera, fodya ali pakamwa. Pamapeto pake anati chinthu chimenechi chimafunika kupuma, tisiye pena potseguka. Ine ndinali ndi chisoni chosakanikirana ndi ukali, ndipo ndinamuyankha mwachipongwe kuti kwathu nyumba sizipuma, opuma ndi anthu. Anangokweza mapewa n'kubwerera mu kaofesi kake. Kwathu pepala limagwira ntchito chifukwa mvula ikatha kumabwera dzuwa lowamba. Kuno dzuwa lotero kulibe. Madzi omwe anali kale m'kati tinawatsekera momwemo miyezi isanu.

Kusudzula kunachitika kumudzi mu Epulo. Alamu anapita, ine ndinatsala chifukwa cha ntchito. Tsiku lomwelo amayi anandilankhula pa foni za kalavaniyo. Iwo sanaionepo, koma anamva kuti ndi kanyumba komwe mwana wawo ankakhalamo yekha Loweruka lililonse, ndipo kwa iwo limenelo linali siwa, nyumba yosiyidwa ndi wakufa.

"Siwa limagwetsedwa, mwanawe," anatero. "Mukalisiya limaitana mwini wake."

Sabata yomweyo mayi wa pa yadi anatumiza uthenga kuti kalavani yathu ikununkha mpaka oyandikana nayo akudandaula. Ikafika kumapeto kwa Meyi isanakonzedwe, aitanitsa anthu ophwanya zitsulo adzaitenge. Alamu atabwerako anandipatsa kiyi pakhomo la tchalitchi.

"Ine mmenemuja sindingalowemo, alamu," anatero. "Mukaikonza ndiisunga. Ikakanika, aitenge basi."

Ndinalandira kiyiyo ndikudziwa chimene ndikulandira. Inali ntchito yomweija ndinaikana katatu, ndipo ikanapita kophwanyidwa, ndikanakhala nako kukana kwangako mpaka imfa.

Ndinafika ku yadi Loweruka cha m'ma teni m'mawa, kunja kukuwala bwino. Nditadula zingwe n'kukoka pepala, madzi anakhuthukira pa nsapato zanga. Kunsi kwa pepalalo kunali konyowa kuposa kunja, ndipo kalavani imene inali yoyera inali itabiriwira ndi ndere. Mawindo anali ndi thukuta cham'kati. Ndinapukuta galasi ndi dzanja, osathandiza kanthu poti chinyontho chinali mbali inayo, kenako ndinasuzumira pampata wa makatani.

M'katimo munaima munthu.

Anali chilili pakati pa kanyumbako, atandifulatira, mutu utagunda siling'i, manja ali lende. Anavala jekete yabuluu ya achimwene, ija yong'ambika pachigongono. Ndimasambitsa anthu akufa kuntchito, ndawatseka maso ambiri, ndipo ndinkadzitama kuti maliro sandiopsa. Tsiku limenelo miyendo inandinyamula yokha. Ndinazindikira ndili pa benchi m'mbali mwa ngalande, kiyi atandiboola m'chikhatho chifukwa chomufinya, mawu a amayi akulira m'makutu.

Ndinakhala pamenepo pafupifupi ola. Anthu ankadutsa pa njinga, ena ndi agalu awo. Manyazi ndi amene anandibweza, osati kulimba mtima. Nditafika pachitseko ndinachita chinthu chimene sindinauzepo munthu mpaka lero: ndinaodira.

"Odi, achimwene."

M'kati munamveka kugogoda. Go. Kenako chete. Go.

Ndinatsegulabe, pakuti mayi wa pa yadi anali atatuluka mu ofesi yake n'kumandiyang'ana, ndipo sindikanalola kuti andione ndikuthawa kachiwiri. Fungo linandimenya ngati la nkhokwe imene chimanga chaolera momwemo. Munthu uja sanatembenuke. Maso atazolowera mdima ndinaona kuti miyendo alibe. Inali mopu. Achimwene anavundikira ndowa pansi, pamwamba pake anaikapo jombo imodzi, mtengo wa mopu anaulowetsa m'jombomo kuti usaterereke, ndipo mutu wa mopu anauveka jekete n'kuukanikizira ku siling'i. Thabwa lalitali la siling'i linali litatsika pakati ngati mimba, ndipo chimene chinkaligwira kuti lisagwe chinali mopu yomweyo.

Ndinaseka, koma kuseka kwake sikunandikomere. Kugogoda kuja kunapitirira. Anali madontho ogwera m'kati mwa khoma, penapake posaoneka.

Zomwe tinachita ndi mapepala athu zinali zomvetsa chisoni. Pansi pankabonyoka ukaponda, ngati papaya wakupsa. M'kabati ya mbale munamera bowa wotuwa wa miyendo yaitali. Makushoni ogonera anali akuda ndi chuku, ndipo ndinawatulutsa onse ndi magolovesi, mphuno nditamanga. Mayi wa pa yadi sananene kuti ndinakuuza. Anangondibwereka kachitofu kamagetsi kouzira mpweya wotentha ndi chingwe chachitali, ndipo kukhala chete kwakeko kunandiwawa kuposa akanandinyoza.

Ndinayamba kupitako tsiku lililonse lomwe sindinali pa shifiti. Mabasi awiri omwe aja, omwe kale ankandikulira. Ndinakanganula matabwa opyapyala a m'makoma, ndipo kuseri kwake ndinapeza timitengo togwira khoma titawola mpaka kumafumbutuka m'manja ngati chigumu chonyowa. Ndinkadula powola mpaka kufika pouma, kuyeza, kucheka kamtengo katsopano, kumata ndi guluu, kumanga ndi masikuluwu. Zofunditsa za m'khoma, zotchinga kuzizira, zinali ngati thonje loviikidwa, ndipo ndinazitaya zonse. Sindine kalipentala. Wa luso la manja m'banja mwathu anali iwowo, ine ndinali wa pakamwa. Ndinadzicheka kangapo, ndipo ndinatukwana m'zinenero ziwiri.

Mopu sindinaikhudze. Ndikanaichotsa denga likanandigwera, komanso, kunena zoona, ndinkaiopa. Kalavani ndi yopanikiza, moti podutsa ndinkachita kudzipinda, ndipo kangapo mkono wa jekete, wozizira ndi wonyowa, unandikhudza pakhosi. Ndikagwada n'kumagwira ntchito pansi ndinkamva kuti kumbuyo kwanga kwaima munthu. Ndinkadziwa kuti ndi mopu. Ndikatembenuka inali mopu. Ndikayang'ananso kutsogolo inkasandukanso munthu. Pofuna kuti tikhalirane bwino ndinayamba kuipatsa moni. Ndikalowa ndinkati, "Mwadzuka bwanji, achimwene," ndipo ndikamachoka ndinkatsanzika. Pena ndinkaifotokozera zomwe ndachita tsikulo, pena ndinkaidandaulira kuti inagula chinthu chowola.

Chimene chinandisowetsa mtendere chinali polowera madzi. Ankadontha pafupi ndi kawindo ka padenga, ndiye ndinakwera makwerero n'kumata silikoni kuzungulira kawindoko. Mvula itagwa, kugogoda kunabweranso. Ndinakanda silikoniyo n'kumatanso mwatsopano. Kunabweranso. Ndipo sikunkafuna mvula yokha ayi. Masana dzuwa likuwala, yadi yonse ili zii, ndinkangomva go, kenako go, ngati munthu wodekha amene akudziwa kuti mwini nyumba alimo. Masabata atatu anatha choncho. Kuika matabwa atsopano madzi akulowabe kunali kutungira m'dengu, ndipo Meyi anali atafika pakati.

Tsiku lina m'mawa ndinachotsa makatani onse kuti ndikachape. Dzuwa linalowa chopendekera n'kuwalira pa siling'i, ndipo ndinaona manja.

Siling'i yonse inali ndi timadontho ta chuku, koma m'malo ena chukucho chinadera kwambiri n'kupanga zikhatho za munthu, zala zonse zikuoneka. Sizinali ziwiri kapena zitatu. Zinandandalikana kuyambira pa kawindo kaja, chikhatho pambuyo pa chikhatho, kulowera kukona ya kutsogolo. Ndinaimirira pa bokosi kuti ndione bwino. Chala cholozera cha dzanja lamanja chinali chachifupi pa chikhatho chilichonse. Achimwene anadulidwa nsonga ya chala chimenecho ndi lamba wa pa chigayo tili ana, ine ndikuona.

Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo n'kukaitana mayi wa pa yadi, osasamalanso za manyazi. Iye analowa, anayang'ana m'mwamba, n'kunena mosatekeseka kuti zimenezi amaziona kawirikawiri. Munthu akagwira thabwa amasiyapo mafuta a m'manja, ndipo chuku chimayambira pomwepo chifukwa chapeza chakudya. Anati mbale wanu ankakankha siling'i kufufuza pofewa, basi. Ndinamumvetsa bwinobwino, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Koma mantha sanachoke ndi pang'ono pomwe, chifukwa zikhathozo zinali za munthu amene ndinamuponyera dothi ku Dowa, ndipo zinatuluka iye atagona kale m'manda.

Atachoka mayiyo ndinachita chimene manjawo ankachita. Ndinaika chikhatho changa pa choyamba n'kukankha. Panali pofewa. Ndinasunthira pa chachiwiri, pa chachitatu, kutsatira mzerewo. Thabwa linali lozizira, ndipo manja awo anali aakulu kuposa anga. Pa kona, pamene zikhatho zinaunjikana zambiri pamodzi, chala changa chinalowa m'thabwa ngati m'phala.

Ndinatuluka n'kutsamiritsa makwerero pa kona imeneyo. Pamene denga limakumana ndi khoma pamadutsa kachitsulo kakatali kophimba mpata. Nditakatukula ndinapeza masikuluwu anayi atadyeka ndi dzimbiri, mabowo ake ali yasa. Madzi ankalowera pamenepo, n'kuyenda mobisala pamwamba pa thabwa mpaka kukadonthera pakati, kutali ndi polowera pake. Achimwene anali atapapeza kale. Ndinachotsa kachitsuloko, ndinakanda zomatira zakale zonse, ndinaumitsa, ndinamata zatsopano, n'kumanga ndi masikuluwu osachita dzimbiri. Mvula inagwa masiku awiri otsatizana. Tsiku lachitatu ndinalowa, ndinapereka moni, n'kuima kumvetsera. Kunalibe kugogoda. Ndinadabwa kuona kuti m'malo mosangalala ndinasungulumwa.

Chinatsala chinali thabwa la siling'i lomwelo. Linali lalitali kuposa kutambasula kwa manja anga, lolemera ndi madzi, ndipo kuti litsike bwino pankafunika wina wogwira pakati pamene wina akumasula m'mbali. Ndinayesa ndekha. Nditamasula masikuluwu atatu, thabwa linalira, mopu inapendekeka, jekete inagwedeza mikono. Ndinabwezeretsa msangamsanga. Kunali kutatsala sabata imodzi.

Ndikanatha kuitana bambo aliyense wa kutchalitchi. Koma sindinafune kuti mlendo aone manja ajawo, ndipo ndinaona kuti si bwino kuwatsitsa n'kuwataya mwini kalavani weniweni asanawaone. Ndinaimbira alamu.

"Ndinanena kale kuti sindingalowemo," anatero.

"Ndikudziwa, alamu. Koma muli chinthu choti muone. Ndipo ndekha zandikanika."

"Loweruka ndili ofu," anatero. "Ndibwera ikamakwana leveni."

Anabwera atavala chikhoti chachitali, chitenje atamanga pamwamba pa thalauza ngati akupita kumaliro. Ndinawachenjeza tili panja kuti asadzidzimuke, muli mopu yovala jekete, ndiponso pa siling'i pali zizindikiro za manja. Anaima pachitseko, dzanja lili pachifuwa. Anayamba ayang'ana m'mwamba. Anatsatira zikhathozo ndi maso mpaka kukona. Kenako maso awo anagwera pa mopu, ndipo anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kotuluka m'mimba, mpaka anagwira chitseko. Misozi inabwera kuseka kusanathe.

Ine pofuna kuwapepuza ndinati, "Musandiseke, alamu, koma ineyo ndimawapatsa moni tsiku lililonse. Ndimati mwadzuka bwanji achimwene. Tazolowerana."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kundiyang'ana modabwa.

"Achimwene anu? Ayi, alamu. Ameneyu si iwowo. Ameneyu ndi inuyo."

Sindinamvetse, ndipo anaona kuti sindinamvetse.

"Loweruka lija munati akuitanani kuntchito," anatero. "Anabwera kunyumba madzulo akuseka okha. Ndinawafunsa kuti mwagwira ndi ndani. Akuti, ndi mphwanga. Akuti, lero wabwera, wagwira denga tsiku lonse, osadandaula, osapempha tiyi, pakamwa pali tseke. Akuti ndamusiyira jekete yanga asazizidwe."

Ndinayang'ana mopu ija. Miyezi iwiri ndinkaiopa, kuilambalala, kuipatsa ulemu wa munthu wamkulu.

"Anadziwa kuti sindinali kuntchito?" ndinafunsa.

"Foni inali pa sipika. Mpira unkamveka." Anapumira m'mwamba. "Sanakwiye ayi. Ndinawauza kuti aitane wina amalize, anakana. Akuti thabwa lokhalo lidikire, tidzatsitsa ndi weniweniyo, tsiku lina adzabwera."

Ndinamva manyazi otentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, ndi chisoni chimene sindinachimve ngakhale tsiku la kumanda. Ndinkafuna kutuluka ndikakhale pa benchi ija. Alamu anavula chikhoti, anachipachika pa chitseko, analowa m'kalavani koyamba chimwalirire amuna awo, n'kutola sikuludilaiva pa bokosi.

"Ndimasule kuyambira kuti?"

Ndinawalozera kukona.

"Chabwino. Inu imani pamalo panupo."

Ndinakweza dzanja limodzi kugwira thabwa, ndi linalo ndinapendeketsa mopu n'kuichotsa. Inali yopepuka. Jekete inatsetsereka n'kugwera pansi, ndipo alamu anaitola, anaikutumula, anaipinda bwinobwino ngakhale inali yachuku. Ndinakankhira ndowa ndi jombo pambali ndi phazi, n'kuima pomwe zinali. Thabwa linatsamira pamutu panga ndi m'manja monse, lolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Alamu atamasula sikuluwu yoyamba, madzi otsalira a miyezi yonse ija anayenderera n'kundilowa m'khosi, ozizira ngati a mufiriji, kutsika mpaka kumsana.

Alamu si odziwa zomasula, ndipo masikuluwu ena anali olimba ndi dzimbiri. Anachedwa. Mopu inagwira denga limenelo miyezi isanu ndi iwiri. Ine mphindi khumi zisanathe mikono inali ikunjenjemera, khosi likuwawa, madzi akundilowa m'maso.

"Mwatopa, alamu?" anafunsa osatembenuka. "Tipume kaye?"

"Ayi," ndinatero. "Pitirizani. Ndagwira."